Mutu 7: Keldrick Avula Jezi Yofiira

1. Pa mpando wometera

"Munthu woti n'kundigwetsa ine sanabadwe. Ngati anabadwa, ndiye kuti mayi ake akumubisabe m'nyumba."

Anatero Keldrick Boatwright Lachiwiri masana, atakhala pa mpando wanga wometera, nsalu ili m'khosi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Pa koleji ya Tallahala anali asanathe ngakhale teremu imodzi. Ndevu zake ndinkachita kuzifunafuna nditavala magalasi.

"Usagwedeze mutu, ndingakudule khutu," ndinatero. "Ukatsala ndi khutu limodzi chisoti chizikukhwepa."

"Dulani, a Purvis. Ine pabwalo sindisewera ndi makutu. Ndili ndi maso kunkhongo. Kusekondale konse kuja jezi yanga kunyumba ankangoipinda osachapa. Dothi ikanalitenga kuti?"

M'babashopu monse munali phwete. Woseka kwambiri anali Dikoni Ledbetter, amene Lamulungu amatsogolera nyimbo kutchalitchi, koma masiku enawo amakhala kochi wa timu iliyonse ya mu Mississippi ali khale pa benchi yanga.

"Mwamumva mwanayu!" anakuwa adikoni. "Woponya ndi ameneyu. Osati Colby wawoyo, woponya mpira ngati akumwazira nkhuku chimanga."

Ndikuuzeni, ana inu, chimene chinkawotcha tauni yathu ya Marlow Bend sabata imeneyo. Timu ya koleji ya mpira wa ku America, uja woponya ndi manja wa ovala zisoti, inali itagonja katatu motsatizana. Kuno timu ikagonja sitifunsa zambiri. Timaloza woponya, chifukwa ndiye amalandira mpira kuseri kwa mpanda wa zimphona zisanu zomutchinga, n'kusankha mnzake woti amuponyere. Zikayenda, ulemu ndi wake. Zikavuta, timatukwana ngakhale galu wakwawo.

Woponya wathu anali Colby Marchand, wa chaka chomaliza, mnyamata wofatsa ngati mlembi wa mpingo. Anthu anali atatopa naye. Pa magalimoto, pa mawindo a sitolo, ngakhale pa khoma la fakitale ya mlamba, panali patalembedwa mawu amodzimodzi: LOWETSANI MWANAYO.

Loweruka linali tsiku lalikulu, lija ophunzira akale amabwerera ku koleji ndi akazi awo ndi mimba zawo kudzaona timu ikupambana. Akuluakulu amene anamanga bwalo lathu amakhalapo onse, m'chipinda chawo cha magalasi pamwamba. Kochi Strayhorn ankadziwa kuti akagonja pamaso pa amenewo, Khirisimasi akadyera kwina.

Koma panali lamulo. Mwana wongofika kumene pa koleji amaloledwa kulawa masewero anayi, chakacho osawerengedwa. Amakhalabe ndi zaka zake zinayi zosewera kutsogolo, zathunthu. Akangoponda bwalo kachisanu, kaya kwa mphindi imodzi, chaka chapita ndipo sichibwerera. Keldrick anali atalawa kale anayi ake, onse kumapeto, zinthu zitadziwika kale, adani atalowetsa ana anzake.

Ndinamukumbutsa za lamulolo lumo lili pa tsaya.

"Chaka n'chiyani, a Purvis?" anayankha. "Zaka zinayi ndizitani pano? Ziwiri, zitatu, kenako muzindionera pa kanema. Chithunzi changa mudzachipachika apo, pamene pali kalendala ya ogulitsa mabokosi a maliroyo."

"Kalendala imeneyo usainyoze," ndinatero. "Eni akewo sanalepherepo kugwira munthu."

2. Amalume alankhula

Pakona, pafupi ndi fani, panali amalume ake, a Ozell Pickens. Iwo sanaseke nawo. A Ozell ndiwo analera Keldrick bambo ake atamwalira, mayi ake akugwira ntchito kutali ku Memphis. Ndi mlonda ku fakitale ya mlamba. Amabwera kwa ine sabata iliyonse, osati chifukwa chokonda kutchena. Dzanja lawo lamanja silikwera kupitirira phewa. Anayesapo kumeta ndevu ndi lamanzere, nkhope inatuluka ngati nyama yokonzekera kuwotcha.

"Watha?" anafunsa a Ozell.

"Ndatha, amalume."

"Ndiye tsegula makutu amene a Purvis akusiyirawo."

Ndinazimitsa makina.

"Ukuti sunagwepo. N'zoona, ndinkakhalapo. Koma unkasewera ndi ndani? Ana a sukulu, iwe uli wamtali kuposa aphunzitsi ako. Loweruka ukakumana ndi amuna. Ena ali ndi ana kunyumba. Atha zaka akunyamula zitsulo m'mawa uliwonse, khosi la mmodzi ndi ntchafu yakoyo. Nawonso akufuna kuoneka pa kanema ngati iwe, ndipo njira yawo yokafikira kumeneko ndi nthiti zako.

"Tandiuza, chifikireni pa koleji wakugundapo ndani? Pokonzekera masewero amakuveka jezi yofiira. Jezi yofiira imauza aliyense kuti uyu asakhudzidwe. Munthu akafika pa iwe amapatuka, mwina kukusisita pamsana ngati akukupatsa moni. Wogunda munthu wa jezi yofiira, kochi amamukweza masitepe a bwalo mpaka asanze. Ndiye miyezi yonseyi thupi lako laphunzira chiyani? Laphunzira kuti munthu wobwera mothamanga amadutsa. Mutu wako ukudziwa kuti ndi zamasewera. Koma pabwalo mutu safunsidwa, mwana wanga. Thupi limachita zimene lazolowera.

"Ndipo mpanda wako ndi wothyoka. Amene amatchinga kumsana kwa woponya anavulala bondo, m'malo mwake aikamo mwana mnzako wongofika kumene. Mwana kutchinga mwana. Ukuganiza kuti a Cane Ridge amene mukusewera nawowo sakudziwa? Agona akuonera zithunzi zake.

"Ine ndinalowa bwalo lomwelo ndili msinkhu wakowu. Tauni yonse inkaimba dzina langa, bambo awo adikoni awa ndiwo ankayambitsa nyimbo. Masewero achitatu sindinawamalize. Mwa oimba onse aja palibe ndi mmodzi yemwe anafika kuchipatala. Sindiwada ayi. Anali otanganidwa, ankaphunzira dzina la mwana wina.

"Khala pansi chaka chino. Idya, nyamula zitsulo, khosi likule. Uzionera Colby mmene amagwera. Inde, mmene amagwera. Mnyamata ameneyo amadziwa kugwa, n'chifukwa chake wafika chaka chomaliza akuyenda ndi miyendo yake yomwe. Chaka chamawa bwalo ndi lako, zaka zinayi zonse zili m'manja. Ukalowa Loweruka, chimodzi wataya, ndipo zitatu zotsalazo zidalira ngati udzukepo."

Adikoni anatsokomola.

"A Ozell, musaopseze mwana. Zanu zinali zakale, zisoti zanu zija zinali ngati zigoba za maungu. Masiku ano madokotala amakhala pabwalo pomwepo."

"Dokotala amathamanga munthu atagwa kale, adikoni."

Keldrick anadziyang'ana pagalasi, natembenuza mutu uku ndi uku kuona mmene ndamudulira.

"Amalume, ndamva," anatero. "Koma inu munali inu."

Palibe anaseka. Ndinamuchotsa nsalu ija n'kuikutumula nthawi yaitali kuposa mmene tsitsi lake linkafunira. A Ozell anaimirira, ndinawathandiza kulowetsa dzanja m'jekete, anatuluka osameta.

3. Kochi sakakamiza munthu

Lachitatu Kochi Strayhorn anaitanitsa a Ozell monga kholo. Ndinawatengera pa kapikapu kanga. Tinapeza anyamata ali mkati mokonzekera, ndipo kumpanda wa waya kunali anthu ngati pamsonkhano. Ena anathawa kuntchito. Adikoni anafika kale, atabwera ndi mpando wawo wopinda.

Pakati pa majezi oyera ndi obiriwira panali kadontho kamodzi kofiira. Ameneyo anali Keldrick.

Kherere inalira, mpira unafika m'manja mwake. Chimphona china cha timu yathu yomwe chinadutsa mwana wotchinga kumsana uja ngati chitseko chosakhoma. Chinafika pa Keldrick, chinapatuka, n'kumusisita pamsana podutsa. Keldrick osaphethira. Anadikira, anadikirabe, kenako anauponya. Mpira unauluka theka la bwalo n'kukagwera m'manja mwa mnzake ngati waikidwa ndi supuni.

Kumpanda kunali mkokomo wa m'manja.

"Mwaona kudekha kwake?" anakuwa adikoni. "Munthu wafika pakhosi, mwana osanjenjemera n'komwe!"

"Pamenepo wafa kale," anatero a Ozell chapansipansi. "Mpira umenewo waponya ndi mzukwa."

Anabwerezanso, zinachitika chimodzimodzi. Anabwerezanso kachitatu. Chimphona chija mpaka chinatopa ndi kusisita, chinayamba kumangokweza dzanja podutsa ngati chikuimitsa basi.

Atamaliza, Colby Marchand anabwera kwa Keldrick, thumba la ayisi atamanga paphewa. Ankadziwa kuti malo ake akupita. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Mphwanga, a Cane Ridge ali ndi munthu amamutcha Nyundo. Ndakumana naye zaka zitatu, mpaka pano kukazizira nthiti zanga zimamukumbuka. Amabwera chakumsana. Ukaona mthunzi, usafune kukongoletsa. Taya mpira kunja, uwaponyere oimba bandi. Zikakanika khala pansi wekha iye asanafike. Anthu akukuwiza, koma Lolemba udzuka n'kupita m'kalasi."

Keldrick anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Agogo, n'chifukwa chake amakukuwizani."

"Eya," anatero Colby. "N'chifukwa chake."

Sanakwiye. Anakonza thumba lake la ayisi n'kumapita.

Kochi Strayhorn anatipeza pamthunzi wa masitepe. Ndi munthu wa mawu a shuga, amalankhula akutafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavula makoko cham'mbali. Anawapatsa moni a Ozell ndi manja awiri.

"Bambo Pickens, ine sindikakamiza mwana. Nanenso ndine kholo. Akati adikire, adikira, palibe chovuta. Kungoti ndimakonda kunena zoona. Chaka chamawa kukubwera mnyamata wina wochokera ku Texas, dzanja lake ndi mfuti. Komanso chaka chamawa sindikudziwa ngati pano padzakhale ine. Kochi watsopano amabwera ndi ana ake. Koma monga ndanena, kusankha n'kwake."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mitu ndagwira yambiri. Munthu wamkulu akayamba ndi mawu akuti sindikukakamiza, yang'ana kumene kuli khomo.

"Kochi," anatero a Ozell, "ndili ndi pempho limodzi. Mawa muvuleni jezi yofiirayo. Muchisiye chimphona chanu chija chimugunde kamodzi kokha, pano, pali anzake okhaokha. Alawe. Akalawa asankhe."

Kochi anaseka mpaka khoko linamutsamwa.

"Ndivulaze woponya wanga ndekha Loweruka lisanafike? Bambo Pickens, palibe kochi amachita zimenezo m'dziko muno."

"Ndiye mukusungira a Cane Ridge kuti akayambe ndi iwo."

Kochi anatembenukira kwa mnyamata.

"Keldrick, bwalo lidzaza Loweruka. Anthu onsewo akubwerera dzina limodzi. Ndiwauze kuti chiyani?"

Keldrick sanayang'ane amalume ake. Anayang'ana kumpanda, kumene atsikana ena anali atakweza chikwangwani cholembedwa dzina lake.

"Ndilowa, Kochi."

"Mwamuna ameneyo!" Kochi anamumenya paphewa. Kumeneko ndiye kunali kugundidwa kwake koyamba pa koleji.

4. Kuseri kwa babashopu

Lachisanu madzulo Keldrick anabweranso, ali ndi gulu la anzake, kuti ndimujambule nambala yake kunkhongo. Ndinamujambula. Ndine wometa, sindine m'busa.

A Ozell anali akumudikira pakhomo la kuseri, atavala kale yunifolomu yawo ya ulonda.

"Bwera kuno pang'ono."

Kuseri kwanga kuli kabwalo ka udzu, kamene ndimawotcherapo nyama. A Ozell anavula chipewa n'kuchiika pa mpanda.

"Wasankha, ndipo sindikudzudzulanso. Chaka ndi chako, thupi ndi lako, ine ndilibe lina loti ndikubwereke. Koma usalowe m'bwalo muja usanadziwe kugwa. Ndikuonetse.

"Ukamva mapazi kumbuyo, mpira uufungatire pachifuwa ndi manja onse. Chibwano chitsike. Usaime chilili ngati mtengo wa magetsi, pinda mawondo, udzichepetse. Ugwere phewa lamanzere, lamanja ulisunge. Mutu usafike pansi poyamba. Chimene chimapha si kugundidwa, ndi mutu kukamenya pansi ukubwerera. Ndipo ukagwa, usadzuke msanga pofuna kusangalatsa anthu. Gona pomwepo, uyambe wamva zala zako zonse. Anthu adikira. Analipira kuti akhale pansi.

"Tayesa. Ine ndibwera chakumbuyo pang'onopang'ono, iwe ugwe."

Anzake aja anali atatuluka, ataima pakhomo. Wina anali atakweza kale foni.

"Jambula, jambula! Woponya wa Tallahala akuphunzira kugwa kwa mlonda!"

"Keldrick, gona bwino, madala akufunditse bulangete!"

Keldrick anaseka nawo, koma makutu anali atamutentha.

"Amalume, mukundichititsa manyazi."

"Manyazi a anthu asanu awa? Mawa kuli bwalo lodzaza."

"Mawa muzikaonera. Tikiti yanu ndasiya pageti."

Anatuluka ndi gulu lake. A Ozell anatsala ataima pa udzu, mawondo atapinda kale, akudikira munthu woti amuphunzitse. Kenako anawongoka pang'onopang'ono, anatenga chipewa chawo.

"A Purvis, mwina ndalankhula kwambiri?"

"Mwalankhula zokwana," ndinatero. "Kungoti m'tauni muno sabata ino muli phokoso."

5. Loweruka

Kunacha bwino. Magalimoto anadzaza mpaka m'mphepete mwa minda ya thonje. Paliponse panali utsi wa nthiti za nkhumba ndi mlamba wokazinga. Madala a mimba zawo anali atavala majezi a ubwana wawo, mabatani akupempha chifundo. Bandi ya koleji inkaimba ngati nkhondo yatha kale.

Timu ikamasewera pakhomo ine ndimagwira ndodo ya unyolo woyezera mtunda. Ndi ntchito yaulere imene amatipatsa ife akuluakulu a m'tauni. Malo athu ndi m'mphepete mwa bwalo, mbali ya alendo, ndiye tsikulo ndinaima kutsogolo kwa benchi ya a Cane Ridge. Timu yathu inali kutsidya.

Chimkuzamawu chitatchula dzina la Keldrick, masitepe anagwedezeka. Anatuluka akuthamanga, atavala jezi yobiriwira ngati anzake onse. Phazi lake litaponda bwalo, kherere n'kulira, chaka chija chinapita. Anthu anachiombera m'manja.

Ndisaname, mwanayo anayamba bwino. Mpira woyamba anauponya mwachangu, unagwidwa. Wachiwiri anadikira, anazungulira, anauponya kutali, unagwidwanso. Ine ndi anzanga a unyolo tinkachita kuthamanga kutsatira. Bwalo lonse linkaimba dzina lake, mbali iyi ikati Kel, mbali inayo drick. Colby anali atakhala kumapeto kwa benchi, chisoti chili pamiyendo.

Kumbuyo kwanga kochi wa Cane Ridge sanakuwe ngakhale pang'ono. Masewero ataima kanthawi, anaitana munthu wake mmodzi. Nditacheuka ndinangoona chifuwa. Ndinachita kukweza mutu kuti ndione nkhope.

"Nyundo, wamuona?"

"Ndamuona, Kochi. Mpira amausunga nthawi yaitali."

"Amausunga, ndipo saopa. Sanamuphunzitse. Pita ukamuphunzitse."

"Chabwino, bwana."

Analankhula mwaulemu ngati mwana wotumidwa kusitolo.

Osewera anafola. Keldrick anakweza manja kuti anthu atonthole, ndipo anatonthola. Mpira unafika m'manja mwake, anabwerera m'mbuyo, maso ali kutsogolo kufuna womuponyera.

Nyundo anamudutsa mwana wotchinga uja osamukhudza n'komwe.

Ana inu, ndinali pafupi, ndipo chimene ndinaona ndi ichi. Keldrick anamuona. Mutu wake unatembenuka pang'ono, anamuona bwinobwino akubwera. Nthawi yotaya mpira inalipo. Nthawi yokhala pansi inalipo. Koma anabweza maso kutsogolo, anaima chilili, phewa lili m'mwamba, ngati munthu wodziwa kuti wobwerayo adutsa.

Sanadutse.

Phokoso lake linali ngati galimoto yagunda chitseko cha galaja. Mapazi a Keldrick anachoka pansi onse awiri. Msana unafika poyamba, kenako mutu unamenya pansi n'kudumpha. Mpira unagubuduka wokha. Wa Cane Ridge wina anautola n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, koma ndi ochepa amene anamuyang'ana.

Bandi inasiya nyimbo pakati. Lipenga limodzi lokha linapitiriza pang'ono, kenako nalonso linachita manyazi.

Keldrick anali gone chagada, dzanja limodzi litauma m'mwamba. Nyundo anadzuka, anamuyang'ana, n'kukodola yekha madokotala athu kuti afulumire. Osewera a mbali zonse anagwada bondo limodzi, monga timachitira munthu akapanda kudzuka.

Dokotala wa timu, mayi wina wamfupi wa tsitsi la imvi, anathamanga ndi chikwama chake. Asanafike, Keldrick anagwedezeka. Anakhala tsonga. Anadzuka mofulumira, anadzandira, anakankha mnzake amene ankafuna kumugwira.

Bwalo linaphulika. Mawu a adikoni ndinawamva kuchokera kutsidya.

"Wadzuka! Ndinakuuzani! Mwana wachitsulo ameneyo!"

Keldrick anayamba kuyenda kutuluka m'bwalo. Ankayenda mowongoka, mwachangu, ngati munthu wodziwa kumene akupita. M'manja munapitirira kanthawi, kenako munayamba kuchepa, mpaka munatheratu.

Ankabwera mbali yathu, ku benchi ya adani.

A Cane Ridge anamupatukira. Anafika pa ine, nagwira ndodo yanga ya unyolo ndi manja awiri kuti asagwe. M'kati mwa chisoti maso ake anali otseguka kwambiri, koma sankaima pamodzi. Magazi ankatsika pang'ono pamlomo.

"Kochi," anatero, "masewero ayamba nthawi yanji?"

"Keldrick, ndine Purvis. Wometa uja."

"Eya, Kochi. Ndakonzeka. Mundilowetse."

Dokotala uja anafika ali wefuwefu. Anamumasula lamba wa pachibwano, anamuvula chisoti n'kuchifungatira m'khwapa, chifukwa wopanda chisoti saloledwa kubwerera m'bwalo. Anamufunsa kuti lero ndi lachingati. Keldrick anamwetulira, nayang'ana ine kuti ndimunong'oneze.

Kutsidya, pamwamba pa masitepe, ndinaona chipewa cha a Ozell chikutsika pakati pa anthu. Anali akadali kutali, ndipo anthu sankawapatsa njira msanga.

Amene anafika poyamba anali Kochi Strayhorn. Anadutsa bwalo lonse akuyenda ndawala. Ali pakati anacheukira kumene kunakhala Colby, kenako anakweza maso ku chipinda cha magalasi chija. Atafika anamugwira Keldrick masaya ndi manja awiri.

"Wangodzidzimuka, eti mwana wanga? Uli bwino?"

"Ndili bwino, bwana," anatero Keldrick, akuyang'ana munthu wina.

"Mwamva nokha, adokotala. Akuti ali bwino."

Kochi anatambasula dzanja, nagwira chisoti chija mbali imodzi. Dokotala sanachisiye.